Amene ankalumbirira wailesi ya masana ayamba kuitseka

Mu Julaye 2019 munthu wina anaimba foni pa pologalamu ya Rush Limbaugh, woulutsa mawu wotchuka wa nkhani za ndale pa wailesi ku America, n'kudandaula za ngongole ya boma la America. Nthawi imeneyo ngongoleyo inali itadutsa madola 22 thililiyoni, ndipo woimba foniyo anati Donald Trump sakulabadira n'komwe. Limbaugh sanazembe. Anamuyankha kuti masiku ano palibenso amene amasamala za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, ndiponso kuti nkhani yonse yodera nkhawa ngongole ndi bajeti inali yachinyengo kuyambira kalekale.

Kwa munthu amene sanakhaleko kuno ku America, yankho limeneli lingamveke ngati nkhani wamba ya ndale. Koma taganizani. Zaka 8 zonse za ulamuliro wa Barack Obama, wailesi zokamba ndale ngati ya Limbaugh zinkalira za ngongole m'mawa ndi madzulo. Mu 2009 anthu anatuluka m'nyumba zawo, agogo a imvi zawo, kupita ku misonkhano ya Tea Party, gulu lotsutsa misonkho ndi kuwononga ndalama za boma, atanyamula zikwangwani zonena kuti boma likudya chuma cha zidzukulu zawo. Ena anafika posalankhulana ndi ana awo chifukwa cha nkhani imeneyi. Ndiye patangopita zaka 10, munthu amene ankatsogolera nyimboyo n'kunena pakamwa mbee kuti zonsezo zinali zongolankhula. Ndikudziwa anthu amene zinawalasa mumtima, ndipo ndi za iwowo zimene ndikufuna kulemba.

Ine ndimakhala kumpoto kwa Indiana, dera la South Bend, kumene Amalawi tilipo ambiri ndithu moti pa maliro kapena pa ukwati umaiwala kuti uli kunja. Ntchito yanga ndi ya udalaivala, kuperekera katundu m'masitolo a zaulimi ndi m'mafamu a Indiana ndi Michigan. Ndinene poyera kuti pa zinthu zambiri ndili mbali imodzi ndi anthu amene kuno amawati ma conservative. Ndimakhulupirira Mulungu, ndimalemekeza banja, kuchotsa mimba sindigwirizana nako, ndipo ndinaleredwa ndi mayi amene ankadana ndi ngongole kotheratu. Choncho amene akulemba pano si munthu wa mbali ina amene akusekerera tsoka la anzake. Wailesi imeneyi ndinaimvera zaka zambiri, ndipo ndinaikonda.

Kuti mumvetse mphamvu yake, pafunika kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kuyambira 1949, America inali ndi lamulo la Fairness Doctrine, lokakamiza nyumba zoulutsira mawu kuti zikakamba nkhani yokanganitsa anthu zizipereka mpata ku mbali zonse. Bungwe la boma loyang'anira nyumba zoulutsira mawu, la FCC, linathetsa lamuloli mu 1987, nthawi ya Ronald Reagan. Chaka chotsatira, pa 1 Ogasiti 1988, Limbaugh, mwana wa ku Cape Girardeau m'chigawo cha Missouri, anayamba kumveka dziko lonse. Wailesi za AM zinali zikufa chifukwa nyimbo zinali zitasamukira ku FM, ndipo iyeyu anazidzutsa. Njira yake inali yochenjera: wailesi yaing'ono ya kumudzi inkalandira pologalamu ya maola atatu osalipira kanthu, iyo n'kupereka mphindi zina za malonda kwa eni pologalamu. Ndani akanakana? Posakhalitsa anali pa wailesi pafupifupi 600. Lamulo lina la mu 1996 linalola kampani imodzi kugula wailesi zambirimbiri, ndipo ya Clear Channel, imene pano ndi iHeartMedia, inafika pokhala ndi zoposa 1,000. Mu 2008 Limbaugh anasaina mgwirizano wa madola 400 miliyoni wa zaka 8. Ngakhale Mike Pence, amene anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti, anadutsira momwemu: m'zaka za m'ma 1990 anali ndi pologalamu yake pa wailesi kuno ku Indiana.

Anthu amene sanamverepo amaganiza kuti omvera ankangotsata chidani. Si zoona zonse. Muyenera kukhala m'thiraki mwezi wa Januwale, chipale chili mbuu mbali zonse za msewu, minda ya chimanga ili pululu mpaka kumene maso alekezera, ndipo kuyambira m'mawa simunalankhule ndi munthu kupatula wosaina pepala la katundu. Ikakwana 12 koloko masana, mawu aja ankabwera ngati a mnzako amene wakhala pa mpando wa pambali. Ankaseka, ankagogoda pa tebulo, ankakhwinyata pepala pafupi ndi maikolofoni kuti umve kuti ali nalo m'manja. Luso analidi nalo, limenelo palibe angamulande. Ndipo ankauza mlimi, makaniko, dalaivala ndi mayi wa kutchalitchi chinthu chimene manyuzipepala a ku New York ndi Washington sankawauza: kuti si mbuli, ndipo moyo wawo si wochititsa manyazi. Munthu amene wanyozedwa nthawi yaitali akapeza womulemekeza, amamukhulupirira pa zina zonse.

Vuto lili pa mmene ndalama zimabwerera. Woulutsa mawu salipidwa chifukwa chonena zoona. Amalipidwa chifukwa chakuti simunasinthe siteshoni nthawi ya malonda. Ndipo chimene chimamugwira munthu kuti asasinthe ndi mkwiyo ndi mantha. Mukamvetsera bwino muona kuti malonda ake amagwirizana ndi ulalikiwo: akangomaliza kukuuzani kuti dola igwa, pakubwera wogulitsa golide, akangoti dziko lili pafupi kusokonekera, pakubwera wogulitsa chakudya cha m'zidebe chosunga zaka zambiri. Kampani ya Goldline, imene inkatsatsa malonda pa pologalamu ya woulutsa wina, Glenn Beck, mu 2012 inavomera kubweza ndalama zofika madola 4.5 miliyoni kwa makasitomala ake, akuluakulu a mzinda wa Santa Monica ku California ataitengera kukhoti. Kwathu timamudziwa sing'anga wa mtundu umenewu. Sakuchiza, chifukwa ukachira subweranso. Amakuuza kuti pali wachibale amene akukuyenda pansi, ndipo mwezi wamawa ubwere ndi nkhuku ina.

Zizindikiro zinalipo kale kwa amene anali tcheru. Chipani cha Republican chitagonja pa chisankho cha aphungu mu Novembala 2006, Limbaugh anauza omvera ake kuti akumva kumasuka, chifukwa sadzafunikanso kuikira kumbuyo anthu amene iye mwini ankaona kuti sakuyenera. Apa munthu anali kuvomera kuti ankateteza zinthu zimene sankazikhulupirira, ndipo omvera ambiri anangozidutsa. Chaka chotsatira, wailesi zomwezi zinathandiza kugwetsa bilu yokonza malamulo olowera m'dziko imene George W. Bush ankaifuna, mpaka Trent Lott, senata wa chipani chomwecho, anadandaula kuti wailesi ndi imene ikulamulira America. Mphamvu inalipo yochuluka, koma woyankha mlandu zinthu zikalakwika panalibe.

Chaka chimene chinang'amba nsalu ndi 2016. Kwa zaka zambiri oulutsa amenewa ankatiphunzitsa kuti khalidwe la mtsogoleri ndi nkhani yaikulu. Nthawi ya Bill Clinton ankanena zimenezi tsiku ndi tsiku. Ankatiphunzitsa kuti malonda a pakati pa mayiko azikhala omasuka, kuti boma lichepe, kuti malamulo a dziko ali pamwamba pa munthu aliyense. Trump atabwera, ena anayesa kuima pa mfundozo. Woulutsa wina, Mark Levin, mu Epulo 2016 ananena kuti sadzamuvotera, koma pofika Seputembala anali atasintha. Glenn Beck anamutsutsa mwamphamvu n'kumachitira kampeni Ted Cruz, amene ankapikisana ndi Trump m'chipani, koma mu 2018 anaonekera atavala chipewa chofiira cha otsatira Trump. Munthu kusintha maganizo si tchimo, ndipo anzanga ambiri anavotera Trump ndi mtima umodzi chifukwa cha majaji a Supreme Court ndi nkhani ya kuchotsa mimba. Chimene chinawawa n'chakuti palibe anabwera kudzanena kuti zimene tinkakuuzani kale zija tazisiya, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Anangotembenuka n'kupitiriza kulankhula ndi mawu omwewo otsimikiza.

Mu Ogasiti chaka chomwecho kunachitika kanthu kamene ambiri amakakumbukirabe. Trump anaoneka ngati akufewa pa lonjezo lake lothamangitsa anthu onse opanda mapepala. Womvera wina wa ku Los Angeles anaimba foni atakwiya, ndipo Limbaugh anamuyankha kuti iye sanakhulupirirepo kuti Trump akunena zenizeni pa nkhaniyo. Woimba foniyo anamukumbutsa kuti anthu mamiliyoni anakhulupirira. Ine pa nkhani ya anthu olowa m'dziko sindili mbali imodzi ndi bamboyo, pa zifukwa zodziwikiratu, koma funso lake linali lachilungamo. Ngati unkadziwa, unakhaliranji chete miyezi yonse ija pamene mawu ako akanathandiza anthu kusankha?

Amene anakana kutembenuka anaona zakuda. Charlie Sykes anakhala zaka 23 pa wailesi ya WTMJ ku Milwaukee, ndipo anali mzati wa chipani cha Republican ku Wisconsin. Atakana kutsata Trump, omvera ake omwe anayamba kumutcha wogulitsa, ndipo kumapeto kwa 2016 anachoka pa wailesiyo. Pambuyo pake anafotokoza chinthu chimene ndimachiona kuti ndi mtima wa nkhani yonseyi. Anati iye ndi anzake anatha zaka akuphunzitsa omvera kuti asakhulupirire nyuzipepala iliyonse, moti tsiku limene iye anafuna kutsutsa bodza, panalibenso umboni umene omvera akanaulandira. Michael Medved anachotsedwa pa wailesi za kampani ya Salem kumapeto kwa 2018, malo ake n'kupatsidwa Sebastian Gorka, amene anagwirapo ntchito ku White House ya Trump. Joe Walsh, phungu wakale wa ku Illinois, anataya pologalamu yake mu Ogasiti 2019 atangolengeza kuti apikisana ndi Trump. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma pa wailesi imeneyi wotsina khutu ndiye ankayamba kuchotsedwa ntchito. Ndipo apa omvera nawonso ali ndi gawo lawo, chifukwa ndi iwo amene ankaimba foni kuopseza kuti asiya kumvera.

Za Sean Hannity, woulutsa wa pa wailesi ndi pa TV ya Fox News, ndingonena chimodzi. Mu Novembala 2018 analemba kuti sadzakwera pa nsanja kuchita kampeni ndi pulezidenti, ndipo usiku wa tsiku lomwelo ku Cape Girardeau anakwera.

Pali bambo ena achikulire amene ndimawaperekera chakudya cha ng'ombe, alimi a chimanga ndi soya, madikoni pa tchalitchi chawo. M'shedi mwawo muli wailesi yakale yopachika pa msomali, yodzaza fumbi, imene kwa zaka zonse zimene ndawadziwa inali isanasunthidwepo pa siteshoni imodzi. Tsiku lina chakumapeto kwa 2021 ndinapeza ikuimba nyimbo za uzimu. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, lero mnzanu uja mwamuthawa?" Iwo anapitiriza kuwerenga matumba, kenako anati, "Mlamu wanga tamuika m'manda mwezi wathawu. Dokotala wake wa zaka makumi awiri anamuuza kuti abaye katemera wa Covid, iye n'kumvera munthu wa pa wailesi amene sanamuonepo nkhope. Munthuyo mpaka lero sanapepese, akugulitsabe mavitamini." Sanatchule dzina la woulutsayo ndipo ine sindinafunse. Anasaina pepala, n'kundithandiza kutseka chitseko cha thiraki.

Mliri wa Covid uja unaulula zambiri. Mu Febuluwale 2020 Limbaugh anauza omvera ake, ambiri mwa iwo okalamba, kuti kachilombo ka corona ndi chimfine wamba. Iye anamwalira pa 17 Febuluwale 2021 ndi khansa ya m'mapapo, ali ndi zaka 70. M'mwezi umodzi wokha wa Ogasiti 2021, oulutsa mawu angapo amene ankanyoza kapena kukayikira katemera anafa ndi Covid: Dick Farrel ndi Marc Bernier a ku Florida, ndi Phil Valentine wa ku Nashville. Sindikulemba izi mokondwa, anali anthu ndipo anasiya mabanja akulira. Valentine ali m'chipatala, abale ake analengeza kuti akunong'oneza bondo posalimbikitsa anthu kubaya, ndipo anapempha omvera kuti apite akabaye. Amenewo anali mawu aulemu, ndipo ndikhulupirira anapulumutsa ena. Koma taonani ichi: tsiku limene Valentine anamwalira, pa 21 Ogasiti, Trump anali pa msonkhano ku Cullman m'chigawo cha Alabama, ndipo atauza anthu kuti abaye katemera, ena mwa otsatira ake omwe anamukuwiza. Moto unali utakula kuposa onse amene anaukoleza.

Kenako nkhani ya chisankho cha 2020. Kwa miyezi iwiri wailesi zinadzaza ndi zoti mavoti abedwa, makina anachita chinyengo, umboni ukubwera mawa. Makhoti anakana milandu yambirimbiri, ena mwa majaji ake osankhidwa ndi Trump yemweyo. Pa 6 Januwale 2021, tsiku limene anthu anathyola nyumba ya malamulo, kampani ya Cumulus Media inalembera oulutsa ake kuti asiye kunena kuti chisankho sichinathe, apo ayi achotsedwa ntchito. Ndiye kuti kampani inali ndi mphamvu yoletsa kuyambira pachiyambi, inangodikira kuti magazi akhetsedwe. Pa mlandu umene Dominion, kampani yopanga makina ovotera, inasumira Fox News, Hannity atalumbira anavomera kuti nkhani za loya Sidney Powell zokhudza makina sanazikhulupirire ngakhale pang'ono. Mu Epulo 2023 Fox inalipira madola 787.5 miliyoni kuti mlandu uthe. Anthu wamba amene anakhulupirira n'kupita ku Washington ambiri analowa m'ndende, ena ntchito zinawathera, ena mabanja anapasuka. Olankhula pa maikolofoni ambiri anabwerera ku ntchito Lolemba lotsatira.

Pali chinanso chimene chimandikhudza ine ngati mlendo m'dziko lino. Mu Seputembala 2024 kunabuka mphekesera yoti anthu a ku Haiti okhala ku Springfield, m'chigawo choyandikana nafe cha Ohio, akudya agalu ndi amphaka a eni mudzi. Apolisi a mzindawo anati palibe umboni. Bwanamkubwa Mike DeWine, wa chipani cha Republican, wobadwira ku Springfield komweko, anatsutsa mphekeserayo ndipo anati anthuwo ali m'dziko movomerezeka ndipo amagwira ntchito molimbika. Koma woulutsa wina amene ndinkamumvera anaitafuna nkhaniyo sabata yonse, akuseka. Ine ndinkaganiza za azimayi a ku Malawi amene ndimapemphera nawo, amene amagwira ntchito usiku wonse m'nyumba zosamalira okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a omvera omwewo. Amakhulupirira Baibulo lomwelo, amadana ndi zomwezo zimene woulutsayo amati amadana nazo. Munthu amene amati akuteteza chikhristu angaiwale bwanji lamulo lakuti usachitire mnzako umboni wonama?

Anzanga a chipani cha Democratic akamva nkhani ngati izi amafulumira kusangalala, kuganiza kuti anthuwa akubwera kwa iwo. Akulakwitsa. Bambo a m'shedi aja amavoterabe Republican, ndipo maganizo awo pa za mfuti, misonkho ndi ukwati sanasunthe. Sanasiye chikhulupiriro chawo. Anangozindikira kuti amene ankalankhula m'dzina la chikhulupirirocho anali pa bizinesi. Ndipo tisanamizane kuti wailesi imeneyi yatha: Clay Travis ndi Buck Sexton analowa m'malo mwa Limbaugh mu Juni 2021 ndipo ali ndi omvera awo, Hannity ndi Levin akadalipo. Ena amene anachoka sanapite kopuma ayi, anasamukira ku ma podcast ndi YouTube kumene kulibe ngakhale bwana woti n'kulemba kalata yoletsa, ndipo zimene amamva kumeneko n'zoopsa kuposa za pa AM. Amene ndikunena ine ndi gulu lina, lochepa mwina, koma la anthu amene mudzi umadalira: asungichuma a mipingo, aphunzitsi opuma ntchito, ozimitsa moto ongodzipereka. Amenewa atopa ndi kukwiyitsidwa tsiku lililonse ndi munthu amene sadzabwera pa maliro awo.

Chimene chinatayika kwambiri, m'kuona kwanga, ndi wailesi ya pamudzi. Makampani akuluakulu atagula masiteshoni, anachotsa atolankhani a m'deralo n'kuika mawu ochokera ku Florida kapena New York, chifukwa n'zotchipa. Mlimi wa ku Indiana anafika podziwa zonse zokhudza mkangano wa pa yunivesite ina ku California, koma osadziwa zimene khonsolo ya dera lake yagwirizana dzulo. Munthu wa pa wailesi ya pamudzi akanama, amakumana ndi amene wamunamizira ku sitolo Loweruka, ndipo zimenezo zimamanga lilime. Wa ku Florida sakumana ndi aliyense.

Kuno kwathu nkhani yaikulu pano ndi malo. Mu 2024 kampani ya Amazon inalengeza kuti iika madola 11 biliyoni pomanga nyumba zosungira makompyuta pafupi ndi New Carlisle, kumadzulo kwa South Bend, ndipo makampani ena akufunanso minda m'madera oyandikana. Ena akuti ndi ntchito ndi misonkho ya masukulu, ena akuda nkhawa ndi madzi a pansi, mtengo wa magetsi ndi minda imene sidzabwereranso. Ndi mkangano weniweni, ndipo mbali zonse ziwiri muli a Republican. Bambo aja usiku saona bwino, choncho anandipempha kuti ndiwaperekeze ku msonkhano wa khonsolo. Holo inadzaza mpaka ena kuima kukhoma. Aliyense anapatsidwa mphindi zitatu. Iwo anaimirira ndi kapepala m'manja, anafunsa kuti zitsime za m'mafamu zikaphwa adzalipira ndani, ndipo mayi wina wa bungwe la ogwira ntchito zomangamanga, amene anali atangolankhula zokomera ntchitoyo, anawapeza panja n'kuwapempha nambala ya foni kuti akambirane bwino. Khonsolo inaimitsa kaye chigamulo mpaka mwezi wotsatira, ndipo bambowo andiuza kale kuti ndidzawatenge 6 koloko.